Mlendo wa ku Holandi M'bokosi la Makalata

Makalata a Mainess ndi Kapembwa sankatumizidwa. Ankangolembedwa n'kusiyidwa pomwepo, monga mmene anthu a nyumba imodzi amasiyirana makiyi pansi pa njerwa.

Nzeruyi inali ya Kapembwa. Kutatsala tsiku limodzi kuti anyamuke kukawotcherera zitsulo ku kampu ya okonza msewu kupitirira Kasempa, anakumana ndi Mainess kuseri kwa mabedi ogulitsa a m'mbali mwa msewu wa Kalingalinga, n'kutsegula imelo imodzi ya anthu awiri, pasiwedi yakenso imodzi. Amene ali ndi mawu ankalowa, kulemba kalata, koma osadina potumizira. Kalatayo inkatsala pa malo a makalata osamaliza, kudikira mnzake. Woiwerenga ankaika liwu limodzi pansi pake, loti "Naona", kenako n'kuyamba yake.

Musadabwe kuti anthu okondana ankavutikiranji chonchi dziko lili ndi Watsapu. Mainess ankakhala kwa amalume ake, a Enos, kalipentala wa mbiri komanso mkulu wa mpingo, amene anamutenga ku Katete mayi ake atamwalira. Abale a Kapembwa atabwera kudzadziwonetsa, a Enos anafunsa mafunso awiri okha: mnyamatayo kwawo n'kuti, ndipo amapemphera kuti. Atamva kuti kwawo ndi ku Mbala, kwa anthu a mtundu wina, ndipo tchalitchi anasiyana nacho ali mwana, anaimirira n'kunena kuti ali ndi chitseko choti akamalize kupala. Alendowo anatsala pamipando, makapu a tiyi ataikidwa koma osathiridwa. Mmodzi mwa iwo anali Bwembya, mlongo wake wamkulu wa Kapembwa, ndipo mmene anatulukira pakhomopo aliyense anaona kuti sadzaiwala.

Tsiku lomwelo Mainess anauzidwa kuti atseke nambala ya Kapembwa amalume akuona. Kuyambira pamenepo, Lamlungu lililonse akaweruka ku tchalitchi, akazi a amalume, amene pabwalo ponse ankawatchula ba anti Emelda, ankavala magalasi n'kuyendera Watsapu ya mtsikanayo, dzina limodzilimodzi, ngati akusankha nyemba. Koma za imelo ba anti sankazidziwa. Kwa iwo zinali za anthu a mu ofesi. Ndipo kumene kunali Kapembwa, netiweki inkagwira pa chulu chimodzi chokha, ulendo wa mphindi makumi awiri kuchokera pa kampu. Ukamuimbira foni sinkalowa. Makalata okha ndiwo ankatha kudikira mpaka iye atakwera pachulupo.

Anakhala choncho miyezi isanu. M'nyumba ya anthu asanu ndi awiri Mainess analibe womuuza zakukhosi, ndipo bokosi la makalatalo ndilo linali chipinda chake chokha chokhala ndi chitseko.

* * *

Vuto linayambira pa pompi.

Cephas anali mwana wa eni nyumba, mlembi wa achinyamata ku mpingo wa a Enos, munthu wa malaya ositidwa ngakhale tsiku lochapa. Ndiye anali mwini wa waifai ya pabwalopo, kabokosi ka tinyali tobiriwira kamene kankakhala pa windo la chipinda chake. Ena onse ankagula. Mainess yekha anam'patsa yaulere, ndipo ba anti sankatopa kunena kuti mwamuna wodziwa kusamala amaonekera pa tinthu ngati timeneti.

Lolemba lina m'mawa Mainess akutunga madzi, Cephas anabwera mswachi uli m'manja, n'kumupatsa moni wake waulemu uja. Kenako, ngati akunena za nyengo, anati:

"Dzulo munankalako pa imelo, ba Mainess. Ola yonse. Musakila nchito inangu?"

Ndowa inasefukira Mainess osaona. Anayesa kuseka, n'kufunsa kuti iye wadziwa bwanji. Cephas anafotokoza mokondwa, monga amachitira anthu amene akhala akudikira funso. Kabokosi kake kankamuonetsa foni iliyonse imene yalumikizika, kumene ikupita ndi nthawi imene yakhalako. Mawu okha ndiwo sankawaona. Anati amangoyang'anira kuti ana a pabwalopo asamatsegule zauve, basi.

Mainess ankaluka tsitsi pa saluni ina ku Kabulonga, ndipo tsiku limenelo anayenda ulendo wonsewo mtima uli m'malere. Atafika anamukokera pambali Sophie, mnzake wobadwira m'tauni, amene zimene amadziwa amazinena molimba, ndipo zimene sadziwa amazinena molimba kuposa pamenepo.

"Ika VPN, iwe," anatero Sophie, foni ya mnzakeyo ili kale m'manja mwake. "Ni monga wakwela motoka ya magalasi yakuda. Cephas azaona chabe kuti motoka yachoka pa geti. Kwamene yayenda, awe."

Mainess anafunsa ngati n'zogula. Sophie anati zogula ziliko, za anthu a ndalama zoseweretsa, koma iye amagwiritsa yaulere ndipo sanafe nayo. Posakhalitsa pa galasi la foni panatuluka mndandanda wa mbendera, ndipo Sophie anati asankhe dziko loti foni izidzera. Mainess anasankha Holandi, osati chifukwa cha nzeru ina iliyonse, koma poti dzinalo ankalimva pa chitenje chodula chimene ba anti ankasunga pansi pa sutikesi. Pamwamba pa galasi panaoneka kachithunzi ka kiyi.

Chimene Sophie sananene, poti nayenso sanachiganizepo, n'chakuti kuyambira pamenepo khomo lililonse limene foniyo ikagogode lidzaona ngati mlendoyo wachokera ku Holandi.

Madzulo, dzuwa lisanalowe, Mainess anakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba, pa waifai ya Cephas yomweyo, n'kulemba kalata yaitali. Anamuuza Kapembwa za maluwa a jakaranda amene ayamba kuyoyoka ku Kabulonga, za mayi wina amene analira pa saluni chifukwa cha nsidze, ndiponso kuti wamusowa mpaka chakudya chikumukanika. Za VPN sanalembe. Kuti azitchule anayenera kutchula Cephas, ndipo dzina limenelo Kapembwa akalimva ankakhala masiku atatu akulemba timakalata ta mizere iwiri.

* * *

Mawa lake pasiwedi inakana.

Anailembanso pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi. Inakananso. Anazimitsa foni, kuyatsa, kupukuta galasi ndi chitenje ngati vuto linali fumbi. Foni inangomuuza mwaulemu kuti pasiwedi inasinthidwa dzulo lake. Odziwa pasiwediyo anali anthu awiri, ndipo iye sanasinthe.

Ku saluni anabwereka foni ya Sophie n'kuimba nambala ya Kapembwa, imene ankaidziwa pamtima. Mayi wa m'foni uja anati nambalayo sikupezeka. Lachitatu chimodzimodzi, Lachinayi chimodzimodzi. Sophie anati angolemba meseji, mwini akakwera pa chulu chake adzaipeza. Koma Sophie yemweyo anali atanena kale kuti ku makampu kumapita azimayi ogulitsa zakudya, ndipo amuna onse anaumbidwa ndi dothi limodzi. Mainess analemba mawu atatu, n'kuwafufuta. Anati munthu akakutsekera chitseko dala, sugogoda pa windo.

Apa tinene zoona, Mainess analakwa. Meseji imodzi ikanatha nkhani yonse. Koma mtsikana amene wakula akudya za chisoni pa nyumba ya eni amakhala ndi chinthu chimodzi chimene sagulitsa, ndicho kusapempha. Panali njira inanso, yopita kwa Bwembya ku Marapodi, koma akakumbukira makapu osathiridwa aja ankachita manyazi kupitako.

Masiku amenewo anali aatali. M'mawa ankayenda ndi gulu la anthu opita ku maganyu a m'mayadi, aliyense akulankhula ndi mnzake kapena ndi foni, iye yekha ali duu. Chizolowezi sichinamusiye: akaona chinthu chosekesa panjira, mtima unkayamba kuchikonza kuti chikhale kalata, kenako n'kukumbukira kuti alibe poiika. Pakhomo ankachapa, kuphika, kuseka pamene ena aseka. Palibe amene anaona kuti wasintha, ndipo chimenechi chinkamupweteka kuposa akanamufunsa. Ka kiyi kaja kanali pompo pamwamba pa galasi, kulondera njira yopita ku khomo lotseka.

Amene anaona kusintha anali Cephas. Loweruka anam'peza akuyanika zovala.

"Foni yanu masiku yano iyenda njila imozi chabe, yovalika," anatero motsitsa mawu. "Sinikamba voipa. Koma nyumba ikatseka makatani masana, ba neba bamayamba kufunsa."

Sanathere pofunsa. Lamlungu, ba anti atamaliza kusankha nyemba zawo osapeza kanthu, a Enos anamuitana Mainess pakhonde. Sanakalipe. Anali akusenda pensulo yawo ya ntchito ndi mpeni, ndipo analankhula Chichewa cha kumudzi chimene ankachisungira nkhani zikuluzikulu. Anati amva kuti waika chinthu m'foni chobisa kumene akupita, ndipo mwana wamkazi akayamba kubisa ndiye kuti wakula, akufunika pake. Anati a kwa Cephas apempha kubweretsa mbale Loweruka likubwerali, teni koloko. Mwambowo Mainess ankaudziwa: timbale tiwiri tovundikirana timaikidwa pakati pa anthu, mtsikana n'kuitanidwa. Akativundukula, wavomera.

"Sindikukukakamiza, mwana wa mlongo wanga," anatero a Enos. "Koma uja wa ku Mbala ali kuti? Miyezi isanu, ngakhale moni wopatsira munthu."

Sabata ziwiri zapitazo Mainess akanaseka chamumtima. Tsikuli anangoyang'ana zosenda za pensulo zili pansi, poti funso la amalume linali lomwelo limene iye ankadzifunsa.

* * *

Anapirira mpaka Lachisanu. Masana anapempha kuweruka msanga, n'kukwera mabasi awiri, ya m'tauni ndi ya ku Marapodi.

Anam'peza Bwembya pakhonde, akupalasa makina osokera, yunifolomu ya mwana wa sukulu ili pansi pa singano. Pambali pake panali kampando kopanda munthu. Mainess ananjuta n'kupereka moni. Bwembya anayankha maso ali pa nsalu, ndipo kampando kaja sanakaloze.

"Mwabwela kutiitana ku ukwati? Tinamvela kudala. Ba neba banga bapempela ku chechi kwanu."

"Ba Bwembya, nifuna chabe kuziba ngati ali bwino."

"Ali bwino. Imwe nkalani na wa ku Holandi wanu."

Mainess anafunsa kuti wa ku Holandi wake uti. Bwembya analeka kupalasa, ndipo poti mawu anali atamudzadza kwa masiku khumi, anawakhuthula onse.

Lolemba la sabata yatha, Kapembwa atakwera pa chulu, anapeza uthenga pa foni womuchenjeza kuti munthu wina wa ku Holandi walowa m'bokosi lawo la makalata. Mnyamata wa zitsulo, za mafoni ankadziwa zochepa. Anaganiza za akuba a pa intaneti amene amatenga zinsinsi za anthu n'kumawaopseza nazo, anaganiza za manyazi amene Mainess angaone makalatawo atafika kwa amalume. Pomwepo anasintha pasiwedi. Kenako anaimbira mlongo wake ali pachulu pomwepo, kumutchulira yatsopanoyo kuti alembe pa pepala, akapereke m'manja mwa Mainess ku saluni.

Bwembya analemba, koma sanapite. Iye nkhaniyo anaimva mwina. Akuba a ku Holandi angafunenji kwa wowotcherera zitsulo wa ku Kasempa? Mtsikana wa m'nyumba imene inawasiya pamipando wapeza mzungu wa pa intaneti, ndipo mwina ankamuonetsa makalatawo n'kumaseka naye. Atamvanso za mbale, anati basi, nkhani yadziwika. Kapembwa atafunsa, anangomuuza kuti pepalalo anapereka.

Mainess sanalire. Anatulutsa foni, kutsegula, n'kuiika pa makina pamwamba pa yunifolomu. Analoza ka kiyi, n'kuloza mbendera ya mizere itatu.

"Wa ku Holandi ni ine, ba Bwembya."

Anafotokoza zonse, za pa pompi, za kabokosi ka Cephas, za Sophie ndi galimoto yake ya magalasi akuda, ngakhale za chitenje cha ba anti. Bwembya anaitenga foniyo, kuiyang'ana nthawi yaitali, n'kuitembenuza ngati Holandiyo angamupeze kumbuyo.

"Manje munali kubisala ndani?"

"Cephas."

"Wamene abwelesa mbale mailo."

"Ee."

"Kansi chakutandizani chani ichi chintu?"

Chinthucho chinachita zimene Sophie analonjeza: Cephas sanaonenso kumene foni ikupita. Kungoti kusaonako ndiko kunamuthamangitsira kwa amalume.

Bwembya anakoka kadirowa ka makina, kufufuza pakati pa ulusi ndi mabatani, n'kutulutsa kapepala kopindidwa kanayi. Pepani sananene, sanali munthu wa mawu amenewo. Anangokankha kampando kaja ndi phazi, n'kulowa m'nyumba. Patapita kanthawi Mainess anamva ketulo ikuikidwa pa mbaula.

* * *

Mainess anazimitsa VPN, kugula kabandulo kakang'ono, n'kulemba pasiwedi yatsopano. Chitseko chinatseguka.

Kalata yake ya jakaranda inali pompo, pansi pake pali "Naona". Pamwamba pake panali makalata asanu ndi anayi, onse a Kapembwa, onse opanda liwu lililonse pansi. Munthuyo ankayenda ulendo wa pa chulu tsiku lililonse ataweruka, kukalembera munthu amene sankabwera.

Yoyamba inali ya nthabwala. Ankadzitama kuti wathamangitsa mbava ya ku Ulaya ali pamwamba pa chulu cha chiswe, ndipo ankafunsa ngati mayi wa nsidze uja anatonthola. Yachiwiri ndi yachitatu ankafunsa ngati wadwala, kapena ba anti alanda foni. Yachisanu inali ya mizere iwiri. Yachisanu ndi chiwiri anati Bwembya wamuuza maganizo ake pa za ku Holandi, iye wamukalipira, koma usiku sanagone. Mainess ankawerenga akupukuta galasi ndi chala, poti misozi inkagwera pomwepo.

Yomaliza inali ya dzulo lake.

"Mainess. Bwembya akamba kuti pepala anakupasa sabata yata. Nayembekeza. Namvela futi kuti mbale zibwela pa Chiwelu. Sinizakuvuta. Cephas ali na nyumba, ali na chechi, ba malume bamukonda. Ine nili chabe na chulu. Kampani ifuna bantu bayende ku kampu yatsopano kufupi na malile, chaka chimozi, kulibe netiweki olo pang'ono. Mazina balemba pa Chiwelu masana. Nizakwela kuno komaliza pa Chiwelu kuseni, teni koloko. Nikapeza palibe 'Naona', nizalembesa."

Teni koloko. Nthawiyo sanaisankhe mwangozi, ndipo Mainess anadziwa.

Anayamba ndi kuika "Naona" pansi pa kalata iliyonse, onse asanu ndi anayi, osadumphapo ngakhale imodzi. Kenako analemba yake. Ankafuna kulemba zambiri, koma zimene zinatuluka zinali zochepa.

"Wa ku Holandi nenze ine. Ninaika VPN kuti Cephas asaone kuti nikulembela. Nenze kubisala yeve, nabisala na iwe. Pepala nalandila lelo. Mbale sinizagwila. Usalembese."

Bwembya anatuluka ndi makapu awiri, n'kuwerenga chapamwamba pa phewa lake. Pa mawu oti pepala walandira lero anaimapo pang'ono. Mainess anati angathe kufufuta pamenepo. Bwembya anati asiye, ndi zoona, adzayankha yekha kwa mlongo wake. Anathira tiyi mpaka kudzaza, n'kuyesa kuimba ku Kasempa pa foni yake. Mayi wa m'foni uja anati nambalayo sikupezeka.

* * *

Loweruka bwalo linasesedwa kawiri. Ba anti anatsegula sutikesi n'kutulutsa chitenje chawo cha Holandi kuti Mainess avale, ndipo anadabwa kuti mtsikanayo akuseka chiyani maso ali ofiira.

Mainess atavala anatsala yekha kuchipinda cha atsikana. Waifai ya Cephas anali ataichotsa m'foni, VPN anali ataifufuta. Ankayendera kabandulo kake. Ankatsegula bokosi, kuyang'ana pansi pa kalata yake, kutseka, kutsegulanso. Kalata yosatumiza ilibe timizere tosonyeza kuti yafika. Umangodikira.

Teni koloko itakwana anamva "Odi" pakhomo, mipando ikukokedwa, amalume akulandira alendo ndi mawu awo a ku tchalitchi. Pansi pa kalata panalibe kanthu. Mphindi zisanu, panalibe kanthu. Anayamba kuganiza kuti mwina mvula yagwa kumeneko, mwina mazina alemba m'mawa, mwina munthuyo wangoti kukwerako n'kudzivutitsa.

Atatsegulanso, linali pompo. "Naona." Ndipo pansi pake panali mizere ina, yambiri ndithu.

Sanawerenge ngakhale umodzi. Dzanja la ba anti linatsika ngati la mphamba.

"Alendo akudikira, iwe uli pa foni. Mtsikana waulemu salowa kwa alendo ndi ichi m'manja."

Mainess anapempha mphindi imodzi yokha. Ba anti anati mphindi adzazipeza ku nyumba yake. Anayesa kuizimitsa foniyo, koma magalasi anali atawasiya ku balaza, ndipo batani limene ankadina linali lokweza mawu. Anasuzumira pa windo. Mwamwambo, mwini nkhani sayenera kuoneka pafupi tsiku la mbale, koma kwawo kwa Cephas kunali mapazi khumi chabe, ndipo anali panja akunamizira kukonza waya wa kabokosi kake.

"Cephas, mwana wanga, tazimitsako ichi, iwe udziwa."

Foni inadutsa pa windo galasi likuwala, makalata onse ali poyera. Miyezi isanu ya kubisa, pasiwedi ziwiri, ulendo wa ku Holandi, zonsezo zinkalondera njira za m'mwamba. Palibe amene anaganiza za dzanja la ba anti.

Ku balaza Mainess anagwada pa mkeka, mutu pansi. Timbale tiwiri toyera ta maluwa ofiira tinali pa katebulo kamene amalume anapanga okha. Amalume ake a Cephas ankalankhula za duwa limene aona m'munda wa eni, mawu aatali ozungulira, ba anti akuvomereza ndi mutu. Mainess sankamva. Windo la balaza linali losowa galasi limodzi, ndipo atakweza maso pang'ono ankaona pa pompi.

Cephas anali ataima pamenepo. Foni sanazimitse. Ankawerenga, chala chikukankha pang'onopang'ono, ndipo pa milomo pake panali kumwetulira kwa munthu amene wapeza chimene ankachisaka. Makalata a kudandaula aja ankamukomera, zinkaoneka. Kenako anafika pansi. Chala chinaima. Kumwetulira kunazimirira, nkhope n'kugwa ngati ya munthu amene waluma mwala mu mpunga. Anawerenganso pomwepo kachiwiri.

Mainess mawu a Kapembwa sanawaone, koma anali atawawerenga pa nkhope ya Cephas. Kapembwa sanalembetse. Kwa nthawi yoyamba m'masiku khumi ndi limodzi anamva kuti sali yekha pa dziko.

"Mainess," anatero a Enos mofatsa. "Anthu awa ukuwadziwa?"

"Ndikuwadziwa, amalume."

"Ndiye mbale ndi izo."

Anayang'ana timbaleto, anayang'ana amalume amene anamulera, ndipo anawamvera chisoni, poti ankadziwa manyazi amene awagwere. Anabweza manja onse awiri kumbuyo.

"Pepani, amalume. Sindivundukula."

Ba anti anagwira pakamwa. Amalume ake a Cephas anayang'ana kudenga ngati akuwerenga malata. A Enos anavula magalasi, kuwapukuta, n'kufunsa motsitsa mawu ngati wamva bwino funso.

Mainess anakwezanso maso ku windo, kufuna kuona nkhope yogwa ija kuti imulimbitse mtima. Koma Cephas sankawerenganso. Anali atagwira foni ndi manja awiri, mutu ataweramitsa, zala zazikulu zikuthamanga pa galasi.

Kutali kupitirira Kasempa munthu anali ataima pa chulu, kudikira yankho asanatsike kukakumana ndi olemba mazina. M'bokosi lawo lija mawu analibe dzina la wolemba, poti olembamo anali awiri okha. Liwu lililonse latsopano Kapembwa akanati ndi la Mainess.

Cephas ankalemba.